Mmene mungamutayire wodwala wa mgonagona muli naye pa foni

Kuseri kwa nyumba ya amayi anga aang'ono, kwathu ku Chipangali, kuli chulu chachikulu. Netiweki imagwira bwino pamwamba pake. M'nyumba imangobwera mwa apo ndi apo, foni ukaiika pa zenera. Miyezi isanu imene amayi anagona ndi khansa ya khomo la chiberekero, ine ndinkakwera chulu chimenecho foni ili m'manja, kumva zimene a kuchipatala akunena, n'kutsika kukazifotokoza m'nyumba. Matenda anali atapitirira pochizika. Chimene chinatsala n'kuchepetsa ululu, kuwasunga aukhondo, ndi kuwaperekeza mwaulemu. Masiku ena foniyo inatipulumutsa ku ulendo wa pa honda, umene ukanawagwedeza amayi mpaka kukomoka tisanafike n'komwe pa msewu wa tala wopita ku Lundazi. Masiku ena inatisiya tili tokhatokha kuposa mmene tikanakhalira popanda foni. Malangizo ali m'munsiwa ndi a masiku a mtundu wachiwiriwu. Ena ndinawaona pa ife tomwe, ena ndinawamva kwa anesi ndi kwa odwazika anzanga. Adokotala, anesi, akuluakulu okonza ntchito za umoyo, ndi inu abale okhala m'tauni, mukawatsatira onse mudzamutaya wodwala wanu akadali ndi mpweya.

Yambani ndi munthu amene simunamuonepo. Tengani dzina ndi nambala m'kaundula, imbani, ndipo mawu anu oyamba akhale mafunso a matenda. Musadandaule kuti iye sadziwa nkhope yanu, kapena kuti inu simudziwa ngati akadali ndi mnofu kapena watsala mafupa okhaokha, ngati amagona pa bedi kapena pa mphasa, ngati kuchimbudzi amapita yekha kapena amachita kunyamulidwa ndi anthu awiri. Wina akakufunsani pa msonkhano, umboni woti mutchule ulipo. Mu 2024 magazini ya madokotala ya JAMA inasindikiza kafukufuku wotsogoleredwa ndi Joseph Greer ndi Jennifer Temel a ku Massachusetts General Hospital. Odwala 1,250 a khansa ya m'mapapo yofika patali, m'zipatala 22 za ku America, anagawidwa pawiri: ena ankaonana ndi owasamalira maso ndi maso, ena pa vidiyo. Patatha masabata 24 magulu awiriwa sanasiyane pa mmene ankaumvera moyo wawo. Tchulani zimenezo n'kulekera pomwepo. Musanene kuti ngakhale a pa vidiyowo, ulendo woyamba anakhala kaye m'chipinda chimodzi ndi wowasamalira kuti adziwane. Musanenenso kuti odwazika ankapezekapo mochepa pa zokambirana za pa vidiyo poyerekeza ndi za maso ndi maso. Mfundo yachiwiriyi ibiseni ndithu, chifukwa kwathu kuno wodwazika ndiye chipatala chenicheni. Ndiye amasambitsa, ndiye amatembenuza, ndiye amawerenga maola a mankhwala ndi tochi usiku.

Nthawi yoimba sankhani yokomera inu. Yabwino kwambiri ndi 9 koloko m'mawa, mwezi wa Januwale, pamene aliyense wamphamvu ali kumunda, wina kupalira chimanga ndi nsawa, wina m'fodya. Foni si ya wodwala. Ndi ya mdzukulu kapena ya mkamwini, ndipo mwina yagona ku golosale kumene amatchajitsa pa sola. Ikaitana kawiri osayankhidwa, lembani m'buku kuti sanapezeke, ndipo musayesenso mpaka mwezi wa mawa. Madzulo akaona nambala yanu adzakupejani, kamodzi, kawiri, katatu. Kupeja ndi kulira kwa munthu amene alibe talk time, koma inu mukutenge ngati chipongwe. Asiyeni akagulitse nkhuku agule okha, ndipo akaimba muwauze kuti adikire kaye mukumaliza ndi wodwala wina, ndalama izitha iwo akumvetsera phokoso la m'chipatala. Kutsidya kwa malire a Mwami anthu anaziganizira kale zimenezi. Chipatala Cha Pa Foni chinayamba ku Balaka m'Malawi mu 2011 ndi bungwe la VillageReach, kenaka chinafalikira dziko lonse n'kuperekedwa m'manja mwa boma, ndipo woimba pa 54747 ndi Airtel salipira kanthu. Chinayambira pa amayi apakati ndi ana aang'ono, osati pa odwala a mgonagona, choncho mungathe kunena kuti sichikukukhudzani. Nzeru yake yoti wosauka asamalipire kuti amvedwe, musaitole.

Ngati ndalama ilipo, kakamirani vidiyo. Foni zambiri m'midzi ndi zija za mabatani zosunga moto masiku angapo, koma inu funani ya WhatsApp ndi bando. Mu 2024, chilala chitatsitsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ochuluka pa tsiku ngakhale m'tauni ya Chipata. Konzani ngati chaka chotero sichidzabweranso. Chithunzi chikamaima, pitirizani kufuula kuti "mukundimva?" kwa mphindi khumi, m'malo mongoimba foni wamba.

Tsopano mwamupeza. Funsani kuti, "Mwauka bwanji, amayi?" Adzayankha kuti, "Ndauka bwino, kaya inu adokotala." Khulupirirani. Munthu woleredwa bwino sayamba ndi madandaulo kwa mlendo, makamaka mlendo wophunzira amene wadzivutitsa kumuimbira. Amayi aang'ono ankati "lero bolako" atachezera kubuula usiku wonse. Akanakhala pafupi, nesi akanaona milomo youma, thukuta pamphumi, dzanja likufinya chitenje, ndipo fungo akanalimva asanalowe pakhomo. Pa foni zonsezo palibe, pamatsala mawu okha, choncho mawuwo musawapatse mpata. Funsani kuti ululu uli pa nambala yanji pakati pa 0 ndi 10, ndipo lembani nambala imene watchula pofuna kukusangalatsani. Musafunse ngati ukulasa, ukuwotcha ngati khala la moto, ukuluma, ukukoka, kapena ukuyenda kuchokera m'chiuno kutsikira m'mwendo, ngakhale mukudziwa bwino kuti ululu woyenda m'mitsempha nthawi zambiri umafuna mankhwala owonjezera. Musafunse kuti wagona maola angati, phala wamwa masipuni angati, kuchimbudzi anapita liti komaliza. Akakhala chete, dzazani mpatawo ndi mawu anu. Kukhala chete pa foni kumaopsa, munthu amaganiza kuti yaduka, pomwe nthawi zambiri wodwala amakhala akusonkhanitsa mtima kuti anene chenicheni. Mudulireni asanayambe.

Musafunse kuti foni yagwira ndani, ndiponso kuti pafupi pali ndani. Tsiku lina foni yanga inali itazima, ndiye tinabwereka ya mkamwini wa amayi, mwamuna wa mwana wawo woyamba. Iye anaima panja pa zenera, ataikweza m'mwamba, mawu atawatsegulira onse kuti amayi amve ali pa mphasa. Pakhonde panali azimayi atatu a mpingo amene anabwera kudzazonda. Mafunso anamveka bwalo lonse: magazi akutulukabe? Fungo likadalipo? Mkodzo ukutuluka wokha? Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sadyera pamodzi, ndipo akakumana panjira amapatukirana. Amayi anakoka chitenje n'kufunda kumutu, nayankha kuti zonse zasiya. M'buku munalembedwa kuti zasiya. Usiku womwewo ndinachapa nsalu zinayi.

Cicely Saunders, amene anatsegula St Christopher's Hospice ku London mu 1967, ankaphunzitsa kuti ululu wa munthu amene akuyandikira mapeto si wa thupi lokha. Muli mantha, muli nkhawa ya otsala, muli za mzimu. Izi zisiyeni, foni ndi yodula. Chimene chinkawalanda tulo amayi aang'ono koposa chotupa chinali mdzukulu wamasiye wa giredi 6 amene ankamulera, ndi dimba limene ankadziwa kuti lidzautsa mkangano pakati pa ana awo. Pa fomu palibe mzere wa zimenezi, ndiye musazifunse.

Malangizo perekani ochuluka, mankhwala musawalondole. Mofini wamadzi, wochita kumwa, ndiye amagonetsa ululu wa khansa pamene Panado ndi anzake alephera, ndipo amamwedwa maola anayi alionse, osadikira kuti ululu uyambe kaye. Ndondomeko yokwera nayo mankhwala a ululu mpaka kufika pa mofini bungwe la WHO linaiika poyera mu 1986. Mukamva kuti ululu wakula, nenani kuti "onjezerani pang'ono", mothamanga, m'Chinyanja cha m'tauni chodzaza Chingelezi. Musamuuze wodwazika kuti abwereze zimene wamva. Mukanena sipuni, musafunse kuti m'nyumbamo muli sipuni yotani, ya tiyi kapena yodyera phala, kapena ngati sirinji yoyezera ija manambala ake akuonekabe. Koposa zonse musafunse kuti m'botolo mwatsala wochuluka bwanji. Botolo loyenera kutha masabata awiri lidzatha masiku khumi, Lachisanu usiku. Ifeyo kiliniki yapafupi inalibe mofini. Kuti tipeze botolo lina, munthu ankayenera kudzuka kusanache, khadi m'manja, ndalama ya honda yopita ndi yobwerera m'thumba, n'kumapemphera kuti akapeze wolemba mankhwala alipo. Chipangali inadulidwa ku Chipata n'kukhala boma palokha mu 2018, koma mtunda wochokera pa mphasa ya wodwala kukafika pa botolo sufupika chifukwa mapu asintha. Ku Uganda, kumene Dr Anne Merriman anayambitsa Hospice Africa Uganda mu 1993, anayamba kusungunula okha ufa wa mofini n'kumathira m'mabotolo, ndipo mu 2004 boma linalola anesi ndi ma clinical officer ophunzitsidwa kuti azilemba mankhwalawa, cholinga afike kumudzi. Inu ndalama ikani pa makompyuta ndi mafoni atsopano. Za amene adzanyamule botolo, zisiyireni abale.

Musachenjezenso za m'mimba. Pafupifupi aliyense womwa mofini amamangika m'mimba, ndipo mankhwala ofewetsa amayenera kuyambira limodzi tsiku loyamba. Musatchule. Pakadzatha masiku asanu osapita kuchimbudzi, mimba itauma gwa, abale adzati mankhwala a kuchipatala ndiwo akumupha, n'kubisa botolo kudenga. Mphekesera yoti mofini ndi wotsirizira munthu ilipo kale m'midzi. Imachoka munthu akakhala pansi, n'kuyeza mlingo pamaso pa onse, n'kudikira nawo mpaka aone wodwala wamasuka nkhope, wapempha phala. Inu ingonenani kuti "musaope", mudule.

Uthenga wolemera uperekeni pa foni, kwa aliyense amene wayankha, ngakhale akhale mdzukulu wa zaka 15. Mawu ake ndi awa: "Palibenso chimene tingachite." Ndi mawu abodza, chifukwa chochita chimakhalapo chambiri, kungoti si chochiza, koma amafupikitsa nkhani. Musamufunse wodwala mwiniwake kuti akufuna kudziwa zochuluka bwanji, ndiponso kuti akufuna ndani akhale pambali pake pomva. Musafunse za mwinimbumba, mlongo wake uja amene kwa Achewa ndiye amaitanitsa abale ndi kugamula zolemera. Akamva mochedwa, kudzera kwa ana, adzaona kuti mwamupeputsa, ndipo adzagamula motsutsana nanu. Njira ina yolakwira, yamphamvu chimodzimodzi, ndiyo kupangana ndi amalumewo kuti wodwala asauzidwe kalikonse, ngakhale iye akufunsa ndi pakamwa pake. Zonse ziwiri zimakafika kumodzi. Ng'ombe yolimira imagulitsidwa, wodwala amakwezedwa basi ya m'mamawa pa Great East Road, makilomita oposa 550 kupita ku Lusaka, kumene kuli Cancer Diseases Hospital, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2007. Kwa amene matenda agwidwa msanga, ulendo umenewo ndi wa moyo, ndipo asazengereze. Kwa amene atsala ndi masabata owerengeka, ndi masiku otayikira panjira, kutali ndi ana ake. Kusiyanitsa awiriwa kumafuna kukhala pansi ndi banja lonse. Netiweki ikathawa muli pakati pa mawu, banja lidzamalizitsa lokha mmene laganizira.

Wantchito wanu musamuiwale, nayenso pali njira yomuthyolera. Sankhani nesi mmodzi wa mtima wabwino, ndipo odwala onse muwapatse nambala ya foni yake ya m'thumba. Musamupatse talk time, musaike womulandira, musachepetse ntchito yake ya masana. Foni idzaitana 2 koloko usiku, idzaitana ali kutchalitchi, idzaitana ali pa maliro a kwawo. Nesi wina anandiuza kuti chimene chimamupweteka si kudzutsidwa ayi, koma kumva kubuula kumbuyo kwa mawu a wodwazika, iye akudziwa mankhwala ake, akudziwanso kuti honda ya kiliniki ilibe mafuta. Amadula foni n'kukhala maso mpaka tambala. Zimene akambirana usikuwo zisalembedwe paliponse, kuti wogwira mawa adzayambenso kufunsa kuyambira pa dzina. Zithunzi za zilonda, ngakhale za m'malo obisika, zizitumizidwa pa WhatsApp n'kumakhala m'foni yomweyo imene ana ake amaseweretsa madzulo. Lamulo la Zambia loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2021, lizikhala m'mabuku mwake. Pakadzatha chaka nesiyo adzayamba kuzimitsa foni, ndipo inu mudzanene kuti wasintha mtima.

Chachikulu pa zonse ndi ichi: werengani mafoni ngati maulendo. Mu lipoti lembani kuti mwezi uno odwala onse aonedwa, ndipo popeza aonedwa, ndalama ya mafuta ichotsedwe. Pa miyezi isanu ija, nesi anafika pakhomo pathu kamodzi, n'kukhala ola limodzi. Anagwada pa mphasa, anawatembenuza amayi, n'kupeza kachilonda m'munsi mwa msana kamene ine ndinkakaona ngati kanthu kochepa. Anandionetsa kuwatembenuza maola awiri alionse ndi kuika chitenje chopinda pakati pa mawondo. Anapera mapiritsi a Flagyl pakati pa masipuni awiri, n'kundilangiza mogwiritsira ntchito ufawo pothetsa fungo. Patatha masiku atatu azimayi a mpingo anayambanso kulowa m'nyumba, m'malo mongothera pakhonde. Mafoni onse amene iye anaimba pambuyo pa ulendo umenewo anali a mtundu wina. Ankadziwa mphasa, ankadziwa zenera, ankayamba n'kufunsa kuti "muli ndi ndani m'nyumbamo, amayi?", ndipo amayi, poti nkhope yake ankaidziwa, anayamba kumuuza zoona. Ulendo woterewu ndi umene muyenera kuyamba kuuchotsa.

Iwalaninso amene ali kale m'mudzi. M'zaka zija Edzi inkasesa anthu ma ARV asanafike, kunali anthu oyenda khomo ndi khomo kusambitsa odwala: a miphakati ya Katolika, amayi a chigwirizano, odzipereka a m'mipingo yosiyanasiyana. Ambiri akadali moyo, ndipo manja awo ntchito akuidziwabe. Foni ikanakhala m'manja mwa mmodzi wa iwo, iye atakhala pambali pa wodwala, dokotala akanakhala ndi maso, mphuno ndi zala kumudziko. Musawaitane, musawaphunzitse, musawapatse nambala.

Inu a ku Lusaka, ku Kitwe ndi ku Johannesburg, gawo lanu ndi losavuta. Tumizani ndalama pa foni, imbani Lamlungu lililonse, ndipo muzilamula: apite nawo kwakuti, asiye mankhwala akuti, n'chifukwa chiyani sakudya. Wodwazika amene sanagone masiku atatu musamufunse za iye mwini. Kuzonda ndi kufika, kukhala pansi, kutungako madzi, kumulandira mnzako usiku umodzi kuti aone tulo. Inu muzitcha kuzonda mphindi zitatu za pa foni, ndalama ya basi muisungire maliro.

Masiku otsiriza akayandikira, banja musalikonzekeretse. Musanene kuti wodwala adzasiya kufuna chakudya, ndipo kumukakamiza phala kungamutsamwitse. Musanene kuti kunyowetsa milomo ndi kansalu n'kokwanira, kuti mpweya udzayamba kuimaima, kuti pakhosi padzalira, kuti ngakhale sakuyankha mwina akumva ndithu, choncho aziyankhula naye. Ntchito imeneyi ndi imene foni ikanaigwira bwino koposa zonse, mphindi makumi awiri zokha, masana, wodwazika atakhala pansi, ndiye muizembe. Banja losauzidwa likaona zimenezi pakati pa usiku limagwidwa mantha, limamanga ng'ombe pa ngolo, ndipo munthu amene anapempha kutsirizira m'nyumba yake amatsirizira panjira, mvula ikumuvumba.

Wodwala akamwalira, dzina lake lisiyeni m'kaundula, ndipo wina asauze mnzake. Amayi aang'ono anatisiya Lachiwiri m'bandakucha, ali pa mphasa yawo. Nesi wathu uja anali atasamutsidwira kwina. Patatha masiku asanu ndi anayi foni inaitana, nambala ya kuchipatala, ndipo miyendo inandifikitsa yokha pa chulu. Mawu anali achilendo, aulemu ndithu, a mtsikana wowerenga papepala: amayi agona bwanji, ululu uli pa nambala yanji lero? Pamwamba pa chulu pamaoneka mitengo ya kumanda, ndipo ndinali kuiyang'ana pamene ndinkamuuza. Anakhala chete, ndinamva pepala likutembenuzidwa, kenaka anati pepani kwambiri amayi, sindinauzidwe. Ndinafuna kumufunsa za botolo la mofini limene linatsala theka pa zenera, ngati tilibweze kapena titani nalo, poti m'mudzi woyandikana nafe munali bambo wina amene ankachezera kubuula wopanda mankhwala alionse, ndipo ndinkafuna kuti wina akamuone. Netiweki inathawa ndisanamalize. Ndinapeja kawiri, ndinadikira pa chulupo mpaka dzuwa linapendeka, kenaka ndinatsika kukatenga khasu, chifukwa nsawa za amayi udzu unali utazimeza.